Galu akadwala osamati tiona mawa: zochita kuyambira pakhomo mpaka kwa avetenale

Ine ndimakhala kuno ku Dedza mbali ya ku Bembeke, ndipo agalu ndaweta kuyambira ndili mnyamata. Chaka china mwezi wa July kagalu kanga ka miyezi itatu kanakana chakudya Lachisanu madzulo, ine nkumati mwina ndi kuzizira chabe paja kuno July amalowa mpaka m'mafupa, Loweruka kanayamba kusanza, Lamulungu kutsegula m'mimba kwa magazi fungo lake losati nkuima pafupi, nde mmene ndimati ndiimbire alangizi a ziweto Lolemba mmawa nkuti katalefukiratu, anabwera ndithu nkukabaya jakisoni koma kanafa usiku womwewo. Anandiuza kuti inali parvo, ndipo ndikanaimba Loweruka mwayi unalipo. Ana kunyumba analira, inenso zinandipweteka masiku ambiri. Akuluakulu amati ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndipo agalu ambiri m'midzi mwathu muno akutha choncho, mwini wake akungoti tiona mawa. Kuchokera pamenepo ndinayamba kufunsa kwambiri kwa avetenale nthawi iliyonse ndikakumana nawo, nde zomwe ndalemba apazi ndi ndondomeko yomwe ndimatsata galu akangosintha pakhomo panga. Sizikulowa m'malo mwa dokotala wa ziweto ayi, ndi zoti galuyo akafike kwa dokotala akadali ndi mphamvu, inunso musanadzipweteke.

Choyamba, imani kaye patali, muyang'aneni musanamugwire

Ndikudziwa kuti mukaona galu wanu wangoti khuma mtima umafuna mumunyamule pompo, koma dikirani kaye chifukwa kuli chiwewe. Agalu athu kuno amapita kuuzimba, amakumana ndi ankhandwe ndi afisi m'mapiri umu, ena amangowoloka kulowa ku Mozambique nkubwerako paja pa Lizulu malire ake ndi msewu womwewu, nde simungadziwe kuti analumana ndi chani mwezi watha kapena miyezi itatu yapitayo.

Zoti muone ndi izi. Galu yemwe anali wofatsa wayamba kulusa, akuluma chilichonse, mitengo, miyala, olo tcheni chake chomwe. Kapena yemwe anali wolusa wangoti zii, akubisala pansi pa nkhokwe. Kuuwa kwasintha, mawu asasa. Chibwano chagwa sichikutsekeka, dovu likungochucha, miyendo yakumbuyo ikulefuka. Nthawi zina amachita ngati watsamwidwa ndi fupa, ndipo apa ndi pomwe anthu amapwetekera kwambiri, munthu amapisa dzanja mkamwa kuti achotse fupa lomwe kulibe, kachilombo kali m'malovumo, kabala kakang'ono ka pachala basi kalowa. Chonde musapise dzanja mkamwa mwa galu wochucha dovu, olo akhale wanu wa zaka khumi.

Mukakayikira, mutsekereni m'khola kapena m'chipinda ngati zikutheka popanda kumugwira, ana atalikire, imbirani avetenale nthawi yomweyo. Chiwewe chilibe mankhwala chikangoyamba kuonekera, kwa galu ngakhale kwa munthu. Ngati waluma kapena kukanda wina, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, yang'anani pa foni kuti zikwanedi 15, osathira tsabola, osaotcha, osamanga ndi mankhwala azitsamba, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire katemera. Nthawi zambiri kuchipatala amafunsa kalata ya kuvetenale, nde wina athamangire kalata wina aperekeze wodwala, osati kugona kunyumba podikira kalatayo. Galu woluma munthu amasungidwa masiku 10 akuonedwa, akakhalabe bwinobwino masiku onsewo ndiye kuti analibe chiwewe m'malovu pomwe amaluma. Akafa kapena anthu akamupha, mutu asauphwanye chifukwa ubongo ndi umene amakayeza ku labu ya ziweto ku Lilongwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lonse ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osafika zaka 15, ana ngati athu omwe amasewera ndi tiagalu pabwalo.

Chachiwiri, mpatuleni

Ngati sizikuoneka za chiwewe, mpezereni malo akeake kutali ndi agalu ena, mbale yakeyake, madzi akeake. Kuno kumtunda, Bembeke, Dedza boma, Lizulu, Tsangano, galu wodwala amafa msanga ndi chisanu, nde muyalireni katoni pansi, pamwamba masaka kapena chibulangete chakale, poduka mphepo. Kagalu kakang'ono kaikireni botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, utsi wa makala umapha. A kumunsi ku Golomoti, Mtakataka, Bwanje, Sharpevale vuto lanu ndi kutentha, funani mthunzi wodutsa mphepo. Mumasuleni tcheni cholemera chija. Mukamugwira sambani m'manja ndi sopo musanagwire agalu ena kapena chakudya.

Chachitatu, muyezeni nokha, ndipo lembani

Galu samalankhula, pakamwa pake ndi inuyo, nde zomwe mupeze apazi ndi zomwe adokotala akayambire. Galu akamamva ululu amatha kuluma olo mwini wake, choncho ng'ambani kansalu ka chitenje, zengani kukamwa kawiri, mangani pansi pa chibwano kenako kuseri kwa makutu. Koma ngati akusanza kapena akubanika musamumange kukamwa.

Yambani ndi nkhama. Kwezani mlomo wammwamba pang'ono muone mtundu wake, ine ndimati chiyeso chimenechi chimaposa zonse ndipo ndi chaulere. Galu wabwino nkhama zake zimakhala zofiirira bwino komanso zonyowa. Zikayera mbee ngati pepala ndiye kuti magazi atha. Zikakhala zachikasu, ndi maso omwe, magazi akuphwanyika kapena chiwindi chavuta. Zikada ngati zobiriwira mpweya sukukwana. Dinani ndi chala nkusiya, mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Agalu ena nkhama zawo ndi zakuda chibadwire, amenewo kokani chikope chammunsi muone mkati mwake.

Kenako tsinani khungu la pamapewa, likwezeni, lisiyeni. Likabwerera nthawi yomweyo madzi alimo m'thupi, likatsala chiimire kapena kubwerera pang'onopang'ono, maso alowa mkati, nkhama zikumata chala, galu ameneyo wauma.

Za mphuno zija, zoti ikauma ndiye kuti akudwala ikanyowa ali bwino, musadalire. Gulani thermometer ku famase ikhale ya agalu basi, pakani Vaseline kunsonga, lowetsani pang'ono kotulukira chimbudzi wina atamugwira, dikirani ilire. Galu amatentha kuposa munthu, 38 mpaka 39.2 ndi zabwinobwino. Kuyambira 39.5 thupi latentha. Ikadutsa 40 kapena kutsika pansi pa 37.5 musachedwenso. Werenganinso kupuma akagona phee, pa mphindi imodzi kusapitirire 30.

Mufufuzeni thupi lonse, m'makutu, pakati pa zala, m'khwapa, pansi pa mchira, muone nkhupakupa, utitiri, mabala, zotupa. Onani chimbudzi chake, masanzi ndi mkodzo, ngati muli magazi, njoka, kapena mkodzo wafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Jambulani pa foni olo zikhale zonyansa, akamanjenjemera kapena kugwa tengani vidiyo. Lembani pa kapepala tsiku lomwe wayamba, wasanza kangati, anadya chani komaliza. Ndipo muyezeni kulemera, mankhwala onse a agalu amatengera makilo. Kagalu kaikeni m'ndowa mupime pa sikelo yomwe mumapimira mbatatesi kapena nyemba nkuchotsera kulemera kwa ndowayo, wamkulu munyamuleni mukwere naye pa sikelo yoponda nkuchotsera makilo anu.

Chachinayi, gamulani: lero lomwe kapena angadikire

Pali matenda anayi omwe ndaona akutha agalu kuno, ndipo onse ndi a lero lomwe.

Parvo ndi ija inanditengera kagalu kanga. Imakonda tiagalu tosabayitsa katemera, makamaka kuyambira masabata 6 mpaka miyezi 6. Kukana chakudya, kufooka, kusanza, kenako kutsegula kwa magazi konunkha. Ndi vayirasi, palibe jakisoni woipha, chomwe chimapha kagalu ndi kutha madzi m'thupi komanso mabakiteliya olowa m'magazi kudzera m'matumbo onyuka aja, nde chithandizo chake ndi diripi, jakisoni woletsa kusanza ndi maantibayotiki mpaka thupi lilimbe lokha. Tiagalu tambiri timachira tikayamba msanga. Kagalu kakangokana chakudya nkusanza kawiri, ine masiku ano ndimaimba foni, sindidikira magazi.

Malungo a nkhupakupa amachuluka nthawi ya mvula. Galu amangogona, sakudya, thupi latentha, nkhama zayera kapena zachikasu, mkodzo wakuda. Tizilombo take timalowa m'magazi nkhupakupa ikaluma nkumaphwanya magaziwo. Amachira bwino ndi mankhwala oyenera, koma magazi akatheratu zimavuta.

Poizoni. Tonse tikudziwa tameki, akuba amaponya m'nyama, ena amatchera makoswe nkumadya galu. Zimayamba mwadzidzidzi, galu yemwe anali bwinobwino ola lapitalo akuchucha dovu, akunjenjemera thupi lonse, akusanza, kutsegula, kamwana ka diso kachepa ngati kadontho, akubanika. Zimafananako ndi chiwewe nde valani magulovesi kapena majumbo m'manja, koma kusiyana kwake nkoti chiwewe chimabwera pang'onopang'ono kwa masiku pomwe tameki ndi mphindi chabe. Avetenale ali ndi jakisoni wotchedwa atropine yemwe amapulumutsa akabayidwa msanga. Nthawi yomwe mumataya mukusaka mkaka ndi mazira kwa aneba ndi yomwe galu amafera. Mafuta ophikira ndiye musayerekeze, amapangitsa poizoni wina kulowa msanga m'thupi, ndipo kumuthira zinthu kukamwa galu wonjenjemera zimakathera m'mapapo. Fufuzani pabwalo mutole zotsala agalu ena ndi ana asanazipeze. Poizoni wina wa makoswe saonekera tsiku lomwelo, amadzayamba kutaya magazi mkati patatha masiku atatu mpaka asanu, nde mukamuona akudya musati poti ali bwino basi zatha.

Wachinayi ndi distemper, manthongo okhuthala, mamina, chifuwa, kutsegula, kenako minofu kumangodumphadumpha yokha kapena kugwa ngati khunyu. Imafala kwambiri pakati pa agalu osabayitsa.

Onjezaniponi galu wogundidwa ndi galimoto pa M1 olo akuyenda bwino, wolumidwa ndi njoka, wamkazi yemwe wakankha mwamphamvu kopitirira theka la ola kagalu osatuluka, mimba yofufuma mwadzidzidzi akumafuna kusanza koma osatuluka kanthu, ndi yemwe akukanika kukodza.

Yemwe angadikireko ndi galu wamkulu yemwe wasanza kamodzi kapena watsegula pang'ono popanda magazi, koma akumwa madzi, akugwedeza mchira, nkhama zili bwino. Ameneyo muonereni tsiku limodzi, osapitirira. Mphere, njoka zam'mimba, makutu odyedwa ndi ntchentche, zotupa zotuluka magazi kumaliseche zomwe amapatsirana pokwerana, izi si za usiku womwewo koma zikufunikabe avetenale sabata yomweyo, zonsezi zili ndi mankhwala. Mphutsi zija zimalowa pakhungu nthawi ya dzinja mutha kuthana nazo nokha, pakani Vaseline pakabowo kuti isowe mpweya, dikirani pang'ono, psinjani ituluke yathunthu, tsukani ndi madzi a mchere pang'ono, ndipo musinthireni pogona chifukwa ntchentche yake imaikira mazira pa dothi lomwe pali mkodzo.

Chachisanu, madzi kaye, chakudya pambuyo

Galu atha kukhala masiku angapo osadya koma osati osamwa. Pa tsiku amafuna pafupifupi 50 mpaka 60 ml pa kilo iliyonse, ndiye kuti wa makilo 10 ndi theka la lita kapena kuposerako, akamatsegula ndiye zochulukirapo. Sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ikasowa pangani nokha, lita imodzi, masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, osawonjezera mchere. Tengani sirinji yopanda singano, lowetsani m'mbali mwa tsaya, thirani pang'onopang'ono azimeza yekha, mutu osaupendeketsa kumwamba. Kagalu 5 mpaka 10 ml mphindi 15 zilizonse, wamkulu mochulukirapo. Ndi ntchito yotopetsa, usiku muzisinthana ndi apabanja, koma mukamupatsa mbale yonse nthawi imodzi amwa mwaphuma nkusanza zonse. Akamabweza olo kochepako, kapena sakutha kumeza, siyani, ameneyo ndi wa diripi.

Galu wamkulu wosanza mpumitseni chakudya maola 12. Tiagalu tating'ono ayi, shuga amatsika msanga m'thupi, kakafooka pakani uchi kapena madzi a shuga pa nkhama. Kusanza kukaleka yambani ndi zofewa pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku, phala lamadzimadzi, mpunga wophika kwambiri, nkhuku yowiritsa yopanda khungu ndi mafupa, dzira lowiritsa, usipa kapena bonya wotsuka bwino kuti mchere uchoke, maungu pang'ono. Tenthetsani pang'ono kuti fungo limukope. Mkute wa dzana wothira msuzi wa anyezi ndi tsabola si wa wodwala, anyezi amawononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amabaya matumbo. Mkaka wa ng'ombe umawonjezera kutsegula.

Chachisanu ndi chimodzi, zomwe musamupatse

Apa ndiima pang'ono chifukwa agalu ena amafa ndi chikondi cha eni ake. Brufen, diclofenac ndi indosidi zimaboola chifu ndi kuwononga impso za galu, tangoganizani, indosidi yomweyo anthu amaphera makoswe. Panado naye amawononga chiwindi mukalakwitsa mlingo, ndipo mphaka ndiye amafa ndi pilisi limodzi. LA ndi wa malungo a anthu, tizilombo ta nkhupakupa ndi tina. Makapusozi otsala m'kabati asiyeni.

Ife oweta ng'ombe tili ndi chizolowezi chogula mankhwala kusitolo ya zaulimi nkubaya tokha. Berenil amachizadi malungo a nkhupakupa kwa galu, koma malire pakati pa mlingo wochiza ndi wowononga ubongo ndi ochepa kwambiri, kupyoza pang'ono kapena kubwereza jakisoni patangotha masiku ochepa galu amayamba kuzungulira mutu, kuuma miyendo, kufa. Ameneyo abaye ndi avetenale atayeza makilo. Dibi wa ng'ombe chimodzimodzi, mlingo wa ng'ombe si wa galu, ndipo kagalu kakang'ono, galu wodwala kapena woyamwitsa asasambitsidwe dibi. Mukaona wafooka kapena akudzandira mutamusambitsa, mutsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri nkuimba foni. Oyilo wakuda wa galimoto pa mphere amaotcha khungu ndipo galu amanyambita. Kumusanzitsa ndi mchere wambiri nako kumapha.

Chachisanu ndi chiwiri, imbani foni musananyamuke

Nambala ya alangizi a ziweto a dera lanu ikhale mu foni lero, galu asanadwale. Amapezeka ku ma EPA, maofesi a zaulimi a m'madera aja, kuno ku Dedza monga Bembeke, Linthipe, Lobi, Mayani, Golomoti, Mtakataka, ku Ntcheu monga Njolomole, Tsangano, Nsipe, Kandeu, Manjawira, komanso ku ofesi ya zaulimi paboma. Ngati simukuwadziwa funsani aliyense wa ng'ombe zamkaka, amenewo nambala amakhala nayo pamtima. Alangiziwa amayenda kwambiri m'midzi nde mukangopita osaimba mutha kukapeza atachoka.

Poimba apatseni moni mwaulemu kenako lunjikani, "Pepani adokotala ndakuvutitsani, ndili ndi kagalu ka miyezi itatu, makilo anayi, sikanabayitse katemera, kakana kudya kuyambira dzulo, kasanza katatu, nkhama zayera, thermometer ikuti 40." Mawu ochepa chonchi amawathandiza kudziwa zoti anyamule. Atumizireni zithunzi ndi vidiyo pa WhatsApp. Funsani ngati abwere okha kapena mupite ndinu, ndipo funsiranitu za ndalama, ya mankhwala ndi ya mafuta a njinga yamoto, kuti musakakanganirane pakhomo. Ngati zavuta nenani chilungamo kuti bambo ndili ndi zakuti, tiyambire pati, ambiri amamvetsa nkuyamba ndi chofunikira kwambiri.

Pali zina zoti alangizi akumudzi sangathe chifukwa cha zipangizo, monga opaleshoni, X-ray, kugoneka galu pa diripi masiku angapo. Zimenezo ndi za ku Lilongwe, kuli chipatala cha bungwe losamalira zinyama la LSPCA ndi madokotala ena apulayiveti, kuchokera pa Dedza boma ndi makilomita pafupifupi 85. A ku Ntcheu muli pakatikati, mutha kulowera ku Lilongwe kapena ku Blantyre komwe kuli bungwe ngati lomwelo la BSPCA. Akakuuzani kuti pitani naye kutauni, nyamukani tsiku lomwelo ngati mungathe.

Chachisanu ndi chitatu, ulendo wake

Kagalu kaikeni m'katoni yolimba yoboola mabowo kapena m'dengu, pansi nsalu zakale, tengani zina zosinthira chifukwa kasanza panjira. M'thumba lomanga kukamwa ayi, m'buti yotseka ayi. Pa kabaza katoniyo ikhale pamiyendo panu osati yomangirira kumbuyo ndi malegeni. Pa minibasi kambiranani ndi akondakitala musanakwere, ena amakana ena amalipiritsa mpando, ngati thumba likulola hayala ndi yabwino. Galu wamkulu wosatha kuyenda kapena wogundidwa mugonekeni pa thabwa kapena pa bulangete anthu awiri agwire uku ndi uku, msana usapindike, bala lotaya magazi likanikizeni ndi nsalu yoyera. Nyamulani khadi la katemera, kapepala kanu kaja, chimbudzi chatsopano pang'ono mu jumbo, paketi ya chilichonse chomwe wadya kapena chomwe mwamupatsa, madzi ndi sirinji. Mukafika musamutsitse pansi pomwe pali agalu ena, auzeni kaye kuti akutsegula magazi kapena akutsokomola akuuzeni pokhala.

Chachisanu ndi chinayi, pamaso pa adokotala

Nenani zoona zokhazokha. Ngati munamupatsa Brufen dzulo, nenani. Ngati munamubaya Berenil, nenani tsiku ndi mlingo, chifukwa akabayanso wina pamwamba pake galu wapita. Ngati wadwala sabata yathunthu musati wayamba dzulo poopa kudzudzulidwa, kudzudzulidwa kumatha pompo. Ngati waluma munthu nenaninso.

Ndipo funsani, safunsa anadya phula. Akudwala chani, jakisoni mwabayayo dzina lake ndi chani, mapilisi awa ndi angati kangati masiku angati, asanadye kapena atadya, ndidikire masiku angati kuti ndione kusintha, ndi chizindikiro chanji choti ndibwerenso mwachangu, agalu ena kunyumba nditani nawo, ana angatengere kapena ayi. Apempheni alembe pa khadi kapena m'kope, tsiku lina mudzakumana ndi dokotala wina adzafuna kudziwa. Nthawi zina amanena zowawa kuti galuyu sachira, akungovutika, bola kumugoneka ndi jakisoni. Zimapweteka, koma ndi imfa yofatsa kusiyana ndi kumumangirira kumtengo kuthengo kapena kumusiya masiku asanu akubuula kuseri kwa khola.

Mukabwerako

Malizani mankhwala onse. Galu akayamba kudya tsiku lachitatu ambiri timasiya nkusunga otsalawo kuti adzathandize tsiku lina, pomwe mtundu wina wa matenda a nkhupakupa umafuna doxycycline masiku 28 athunthu, mukadukiza amabwerera. Pilisi libiseni m'kambamu ka nsima kopaka chiponde kapena m'kanyama, mpatseni kaye kopanda pilisi, kenako kokhala nalo, kachitatu kali kale m'manja kuti ameze mwachangu. Yang'anani pansi, ena amalavula mukatembenuka. Nkhama muziona mmawa uliwonse. Asapite kuuzimba kapena kuyendayenda mpaka mphamvu zibwerere.

Ngati inali parvo, ntchito ikadalipo. Kachilomboka nkolimba, kamakhala m'dothi miyezi yambiri olo chaka, sopo wamba sakapha. Kwirirani chimbudzi mozama, otchani masaka ndi makatoni, mbale ndi simenti tsukani kaye kenako thirani Jik, chikho chimodzi mu zikho 30 za madzi, asiyeni mphindi 10 musanatsukuluze, nsapato zanu zomwe.

Akachira konzani za katemera. Tiagalu timayamba wa parvo ndi distemper pa masabata 6 mpaka 8, nkumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka titakwana masabata 16, jakisoni mmodzi sakwanira. Wa chiwewe pa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka, mukamva kuti aboma akubaya pasukulu kapena padibi pitani nawo onse ndi amphaka omwe, nthawi zina zimachitika chakufupi ndi 28 September lomwe ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Koma dziwani kuti katemera wa pa kampeni uja ndi wa chiwewe chokha, wa parvo ndi wogula payekha, ine ndinkaganiza kuti jakisoni ndi mmodzi yemweyo. Mankhwala a njoka tiagalu tiyambe pa masabata awiri, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka miyezi itatu, akuluakulu miyezi itatu iliyonse.

Galu akafa ndi matenda mukwirireni dzenje lakuya kutali ndi chitsime, pamwamba miyala kuti afisi ndi agalu ena asafukule. Aneba akakupatsani kagalu kena kuti mupukute misozi, thokozani koma apempheni akasunge kaye kwawo mpaka kamalize majakisoni onse. Ine ndinadikira mvula inadutsa, kachiwiri ndinakatenga katamaliza jakisoni wachitatu, ndipo khola lake ndinamanga mbali ina ya nyumba, kumene dzuwa limawomba mmawa.